Kachala ka RO

Kawasaki, 12 Meyi 1963

Okondedwa amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa Tomeko. Msana uja waleka? Ndikudziwa kuti muyankha kuti waleka, poti nyengo yowoka mpunga yayandikira ndipo inu simudwala mbande zisanalowe m'madzi. Ine kuno ndili bwino, ndanenepa mpaka siketi ya kampani yayamba kundiluma m'chiuno.

Ndatumiza mayeni 5,000 papositi. Mupatulepo zolipira anthu awiri okuthandizani kuwoka, musachite kudzipha nokha. Zotsala mugulire Tomeko nsapato za mphira, zija anavala pa Chaka Chatsopano zinali zitayamba kale kuseka.

Tsopano imvani nkhani. Zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikuboola manambala okhaokha pa makadi. Mwezi watha abweretsa makina atsopano otha kulemba mayina a anthu, ndipo ine ndili m'gulu la atsikana ochepa amene asankhidwa. Makinawa zilembo zovuta zija za ku China sazidziwa, amadziwa zilembo zosavuta za katakana basi, zomwe zija inu munaphunzira musanasiye sukulu. Ndiye musamadziderere, amayi. Makina a mayeni mamiliyoni, amene akapitawo athu a Kuwabara amangotsala pang'ono kuwagwadira, mwafanana nawo maphunziro.

Chilembo chilichonse chili ndi batani lake. Ukalisindikiza makina amaboola timabowo pa khadi, ndipo kompyuta ya m'chipinda chinacho imawerenga timabowoto. Chala chilichonse chinagawiridwa zilembo zake. Kachala kakang'ono ka dzanja lamanja kanalandira kumapeto kwenikweni, kumene kuli RO, kabokosi ka makona anayi kaja. Amene anamuika kumeneko ayenera kuti sanamvepo mayina a amuna a dziko lino. Ichiro, Jiro, Saburo, Goro, aliyense ndi RO wake kumchira, ndiye kachala kosaukako kamangokhalira kutambasuka tsiku lonse pomwe chala chachikulu chili phee ngati mlendo.

Khadi lililonse limadutsa m'manja mwa anthu awiri. Ine ndikaboola, a Haruyo amalembanso zomwezo pa makina awo otsimikizira. Tikasiyana, makina awo amaima n'kuluma khadi m'mphepete, ndipo makadi olumidwa amakafika patebulo la a Kuwabara ndi nambala ya wolakwayo. A Haruyo ndi a ku Kagoshima, achikulire kwa ife tonse, amalankhula ngati akukalipa ngakhale akupempha mchere. Dzulo anati, "Iwe mwana wa kumpoto kogwa chipale chofewa, zala zakozi zili ndi maso? Sabata yonse makina anga agona ndi njala."

Iwe Tomeko, poti ndiwe ukuwerengera amayi kalatayi, tchera khutu. Ukamaliza sukulu Malichi akubwerayu, ntchito ilipo. Ndawauza kale a Kuwabara kuti ndili ndi mng'ono wanga wa zala zothamanga kuposa zanga. Muno mulibe matope, mulibe misundu, timagwira ntchito titakhala pampando. Uwauze aphunzitsi ako alembere kampani.

Ndine mwana wanu,
Kinue

Kawasaki, 8 Ogasiti 1963

Okondedwa amayi,

Ndinasangalala kumva kuti muli bwino, mpunga wayamba kutulutsa ngala, ndi kuti chifuwa cha Tomeko chinali cha masiku ochepa. Ine ndilipo. Panja kukutentha koopsa, koma m'chipinda chathu timavala majuzi chifukwa makina safuna thukuta. Iwo akangotentha pang'ono, wowakonza amafika tsiku lomwelo atanyamula chikwama.

Obon ino, mwambo wathu wolandira mizimu ya makolo, sindibwera. Kampani yalandira ntchito yaikulu ya mayina a anthu a inshuwalansi, mabokosi afika kudenga, ndipo a Kuwabara akuti wopita kumudzi asiyiretu bonasi yake pakhomo. Mukamayatsa moto wolandirira mzimu wa abambo pachipata, muwauze kuti mwana wawo wamkulu akuboola mapepala, adzawaona chaka chamawa. Ndaikamo mayeni 6,000 chifukwa cha ovataimu. Mupereke 500 kukachisi.

Chithunzi cha mnyamata wofuna banja chimene azakhali anatumiza ndachiona. Atsikana anandilanda n'kuchiyendetsa chipinda chonse. A Haruyo akuti mwamuna wa makutu aakulu chonchi sasauka, kungoti mphepo ikamawomba ndizimugwira. Tokujiro wa kwa a Onodera ndimamukumbukira bwino. Ankabereka mng'ono wake kumsana popita kusukulu, ndipo sankagenda achule ngati anzake. Muwauze azakhali kuti sindikukana. Ndinene zoona, ndakondwa, ndipo chithunzicho ndachiika m'kati mwa chitseko cha kabati yanga. Cholakwa chake n'chimodzi, nayenso dzina lake likuthera ndi RO, ngati kuti a kuntchitowa sakundikwana.

Azakhali alemba kuti amayi ake akufuna mtengwa wa manja olimba, poti pakhomopo pali ng'ombe zamkaka ndi munda wa fodya. Manja ndili nawo awiri, adzawawerenge okha.

Munditumizireko masamba ouma a chitsamba cha yomogi, aja munkatenthera abambo pamsana pochiza ululu. Ndi a mnzanga wina. Dzanja limamuzizira ngakhale atuluke padzuwa, ndipo dzana anagwetsa timitengo todyera kawiri pa chakudya chimodzi, anthu n'kumamuseka kuti chikondi chamugwira. Kusitolo kuno kapaketi kake ndi mayeni 80, kuba kwa masanasana, chinthu chongomera chokha kuseri kwa chimbudzi chathu.

Ndine wanu,
Kinue

Kawasaki, 17 Novembala 1963

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kuti mwakolola bwino, thupi lili m'malo, ndipo nkhuni zakwana chipale chisanayambe kugwa. Ine ndili bwino. Zilembo zikaoneka zopindika, vuto ndi cholembera, ndinagula chotchipa.

Masamba aja anafika, mnzanga akuthokoza. Akuti amathandizako pang'ono m'mawa.

Mwezi uno ndatumiza 4,000 yokha. Bonasi ya liwiro yandidutsa. Musaganize kuti ndayamba kudya ndalama ndi madiresi, kungoti atsikana atsopano akuthamanga.

Sabata yatha kunachitika zina ku kampani ina ya tsidya la mtsinje, yoboola makadi ngati yathuyi. Mtsikana wina anagwa kuchokera padenga nthawi ya nkhomaliro. A Kuwabara anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti anali ndi nkhani za chibwenzi, ndi kuti womveka akukamba za iye adzakamalizira nkhaniyo kunja kwa geti. Nsapato zake anazipeza padengapo zitaikidwa bwinobwino pamodzi. Amene ankagona naye chipinda chimodzi akuti miyezi yomaliza ankachita kumumangira mabatani a bulauzi. M'mawa mwake anakhoma chitseko chokwerera padenga lathu, ndiye zochapa tikuyanika m'chipinda, fungo la chinyezi lokhalokha.

A Haruyo aonda. Masiku ano belu la nkhomaliro likalira iwo amatsala, amati alibe njala, ndipo thumba la epuloni yawo limakhala lotupa. Ndikawabweretsera mpunga wawo amandithamangitsa. "Choka apa ukadye, wakuuza ndani kuti ndikufuna wondilera?" Munthu ameneyu ndidzamubwezera chiyani, sindikudziwa. Zipatso za kaki zikauma mutumize zambiri, amazikonda.

Iwe Tomeko, werenga apa bwinobwino, usalumphe mzere. Za ntchito ija ndinafulumira pakamwa. Ndamva kuti ku kopaletivi ya kwathuko akufuna mtsikana wa pakauntala, ndipo ku Morioka kuli zipatala zophunzitsa anamwino uku akugwira ntchito. Malipiro ndi ochepa, inde, koma umagona tulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati aphunzitsi ako sanalembe kale, ayambe adikira, tidzakambirane ndikabwera pa Chaka Chatsopano.

Ndine wanu,
Kinue

Kawasaki, 12 Januwale 1964

Amayi,

Ndinafika bwino, ngakhale ndinaimirira m'sitima kuchokera ku Morioka mpaka kudutsa Sendai, wina atanditsamira ndi thumba la mpunga. Chimfine chanu chija chikhale chitatha.

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Masiku onse ndinali pakhomo palibe anandiuza kuti kampani inatumiza kale ndalama zokonzekera ulendo wa Tomeko, ndi kuti ndi zomwe zinakonza denga. Ndinagona pansi pa denga limenelo n'kumaliyamikira kuti silikudonthanso. Ndinachita kumva kwa azakhali pasiteshoni, sitima itayamba kale kulira. Ndalama zimenezo zikhoza kubwezedwa, amayi. Mayeni 10,000 si phiri. Ndikachepetsa kupita kosambira kolipira ndi kusiya mazira, pofika Malichi ndikhala nditapezako zambiri, zotsala ndikakongola.

Ndipo iwe Tomeko, mawu unandiuza kukhitchini aja sindinawaiwale. "Achemwali, mukungoopa kuti ndikakuposani." Werenga ndithu mokweza, amayi amve mlomo wa mwana wawo. Ukandiposadi, ndipo n'chimene ndikuopa, koma osati mmene ukuganizira iwe.

Za kwa a Onodera ndiye zinayenda bwino, paja munalipo. Tokujiro analankhula kwambiri ndi ng'ombe zake kuposa ndi ine, koma pondiperekeza anayenda mbali yochokera mphepo, ndipo ine ndinaona. Amayi ake anandiyang'ana manja nthawi yonse ngati akugula kavalo. Mukukumbukira pamene ndinanyamula kapu ija yopanda chogwirira, tiyi atangothiridwa kumene, ena onse akudikira kuti azizire? Mayiyo anamenya bondo n'kunena kuti, "Awa ndiye manja a ntchito, samva moto." Inu munamwetulira, azakhali anamwetulira. Matuza ake aphulika dzana koma akuuma.

Akuti ukwati ukhale tikatha kukolola. Ndavomera. Nsalu ya ukwati imene munandionetsa m'bokosi ija muisunge choncho, musayambe mwaidula. Kusoka kwake ndidzaona, mwina ndidzapempha wina.

Ndatumiza 3,500. Musagule kanthu ka ulendo wa Tomeko mpaka ndilembenso.

Kinue

Kawasaki, 16 Febuluwale 1964

Amayi,

Kalata iyi ndi yanu nokha. Ndailemba m'katakana mokhamokha kuti muwerenge nokha, pang'onopang'ono, poti wapositi amafika Tomeko ali kusukulu. Zilembo zikuoneka ngati za mwana chifukwa ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

Moyo wanu ukhale wabwino. Wanga ndi uwu. Mnzanga wa masamba uja kulibe, ndi ine ndemwe. Dzanja langa lamanja likufa. Zinayamba ndi kachala ka RO nthawi yotentha ija, kenako chala chinzake, tsopano ululu umakwera mpaka m'khosi ndipo tsitsi amachita kundipesa. Kachalako sikamva ngati kasindikiza kapena ayi, ndiye RO pena amatuluka, pena satuluka, pena kamakagunda batani loyandikana nalo. Tiyi wa kwa a Onodera uja sindinamve kutentha kwake. Ndinadziwa nditaona chikhatho chafiira.

Kuyambira Okutobala a Haruyo akhala akubisa makadi anga olumidwa m'epuloni n'kumawaboolanso okha nthawi ya nkhomaliro, kuti a Kuwabara asadziwe. Koma Lolemba lapitali dzanja linakana kukwera kufika pa makina, ndiye ananditengera kwa dokotala wa kampani. Anandigogoda bondo ndi kanyundo n'kunena kuti awa ndi matenda a atsikana oganiza kwambiri za ukwati, amatha okha akakwatiwa. Za a Haruyo palibe wadziwa. M'chipinda chathu alipo enanso otere, akubisabe.

Musamutumize Tomeko. Ndakugwirani mwendo. Nenani kuti mwadwala, nenani chilichonse chimene mungathe. Ndalama za denga ndibweza ine.

Koma azakhali asamve za dzanjali. Mwina ndikapuma libwerera. Tokujiro ndikumufuna, amayi, sindinafunepo kanthu chonchi chibadwire. Mukatha kuwerenga muiponye pamoto.

Kinue

Kawasaki, 19 Epulo 1964

Amayi,

Ndamva kwa Tomeko kuti muli bwino ndi kuti chipale chasungunuka msanga chaka chino. Iye anafika bwino. Ndinakamulandira kusiteshoni ya Ueno. Anatsika sitima ya ana omaliza sukulu ija ali mu yunifolomu, atakumbatira mtsuko wa miso, soya wanu wofutsa uja, ngati khanda. Ndinamuona iye asanandione, ndipo ndinaima kaye kuseri kwa chipilala.

Kalata ya azakhali inafika iye asanafike, chithunzi changa chimene chinali kwa a Onodera chili momwemo. Akuti a Onodera aganizanso, ng'ombe zimakamidwa ndi manja awiri, ndisawasungire chakukhosi. Alembanso kuti inu munapita kwa iwo ndi kalata yanga chifukwa zilembo zamanzere zinakukanikani. Amayi, mudzi wonsewo munasowa wina wokuwerengerani? Ansembe a kukachisi analipo, wapositi analipo. Munakasankha munthu mmodzi yekhayo amene ndinamutchula m'katimo. Ndinalira, kenako ndinaseka, poti simukanadziwa za m'kati musanamve. Zimenezo ndakhululuka. Koma mutamva zonse, Tomeko munamukwezabe sitima, ndipo icho ndiye chikundikanika kumeza. Iye akuti munamuuza kuti ine ndinabadwa wofooka, ndinatengera abambo, pomwe iye anatengera inu.

Ntchito sanandichotse, poti ndine wolembedwa kale. Akudikira kuti nditope ndichoke ndekha. Ndimakankha ngolo ya mabokosi a makadi ndi kukhuthula tinyenyeswa ta pepala totuluka m'mabowo. Malipiro atsika, ndiye ndatumiza 2,500. Mugule feteleza, zina zidikire malipiro a Tomeko.

Tomeko amupatsa makina anga, mpando wanga, ndi a Haruyo omwewo. Miyezi isanu ndi umodzi yoyambayi ndi yoyesedwa. Akamalakwitsa amubweza kumudzi, akapambana amulemba. Sabata ziwiri zokha mabatani onse wawaloweza. A Kuwabara amaima kumbuyo kwake atagwira wotchi n'kumaitana anzawo kuti adzaone. Ndikamadutsa ndi ngolo yanga ndimawazindikira makina ake pakati pa ena onse, amalira ngati matalala pa malata. Ndamuuza kuti azisuntha dzanja lonse n'kusindikiza RO ndi chala chinzake, kachalako kazipuma. Akuti zimachedwetsa. Ndamuonetsa dzanja langa, akuti ine ndinkakhala molakwika pampando.

Onani, manzere ayamba kuzolowera. Iyi muwerenga nokha, musavutitsenso azakhali.

Kinue

Kawasaki, 27 Sepitembala 1964

Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ndipo mpunga wacha. Ine ndilipo. Tomeko akwera sitima Lachiwiri, afika Lachitatu m'mawa. Mukamuchingamire pa basi, ali ndi katundu. Ntchito yamuthera. Akuuzani kuti ndamuchotsetsa ine, ndipo sakunama.

Nyengo yonse yotenthayi anali woyamba pa liwiro, dzina lake pakhoma, ovataimu yonse yake. Ndalama zake munaziona nokha. Anatsala pang'ono kuti alembedwe. Kumayambiriro kwa mwezi uno ndinamuona akutsegula chitseko ndi phewa. Nditamufunsa anati manja anali onyowa. Ndinafuna kumukhulupirira, ndipo ndinamukhulupiriradi kwa masiku angapo. Kenako tsiku lina belu la nkhomaliro litalira, ndinamva a Haruyo akuuza mtsikana wina kuti alibe njala.

Ndinatsala nawo m'chipindamo. Ndinati thumba lawo latupanso, iwo anati ndi mipango. Ndinapisamo ndekha ndi dzanja lamanzere. Anali makadi, onse olumidwa, onse a nambala ya Tomeko. Ndinawayang'ana pawindo limodzilimodzi, paja timabowo ndimatiwerenga monga inu muwerengera mitambo. Shichiro, Hiroshi, Tetsuro, Kuroda. Onse analakwika pa chilembo chimodzi chomwecho.

"Bweza," anatero a Haruyo. "Watsala sabata ziwiri. Akangolembedwa sangamuchotse, ndiye adzapumako."

"Inenso munanditero."

"Ndinakusungira ntchito miyezi inayi, wosayamika iwe."

"Munandisungiradi. Onani mtengo wake."

Ndinanyamula dzanja langa lamanja ndi lamanzere n'kuliika patebulo lawo ngati nsomba ya pamsika. Analiyang'ana, kenako anayang'ana kukhoma. Anati ali ndi amayi awo ogona ku Kagoshima amene amadya za m'manja mwawo, ndipo a Kuwabara akadziwa za epuloni sadzawasiya. Ndinati ndikudziwa. Ndinkadziwadi, amayi, ndipo ndinapitabe. Paja chifundo chinapha nkhwali, ndipo njoka yake pano ndine.

A Kuwabara okha akanaikwirira nkhaniyi, chifukwa Tomeko ndi amene amawapezetsa ulemu. Ndiye makadiwo ndinawasunga m'malaya mpaka Lachinayi, tsiku limene abwana aakulu amayendera chipinda chathu, ndipo ndinawaika patebulo onse awiri ali pomwepo. A Kuwabara anachita mdima kumaso. Anafunsa kuti, "Iwe, ukuneneza mng'ono wako weniweni?" Ndinati inde, liwiro lakelo n'labodza, amangothamanga wina n'kumamukonzera kumbuyo, ndipo makadi obisidwa analipo ambiri kuposa awa. Za chala chake sindinanene, kuopa kuti anganene kuti ndi matenda a ukwati n'kumubwezera pampando.

A Haruyo awasamutsira kosungira katundu ku nthambi ina, bonasi awalanda. Ananyamuka dzulo m'mawa. Ndinawatsatira mpaka pageti nditanyamula kachikwama kawo, anandilanda osandiyang'ana. Munthu uja anasala nkhomaliro miyezi inayi chifukwa cha ine. Zimenezi zindipweteka mpaka ndidzafe.

Tomeko ananena zake pamaso pa atsikana onse kodyera. Akuti ndine mfiti ya nsanje, mwamuna anandikana ndiye ndikufuna aliyense atsale chimanjamanja ngati ine. Pomaliza anati alibe mkulu wake. Kuyambira tsiku limenelo ndikakhala pabenchi anthu amasuntha, ndiye malo odyera ndili nawo ambiri.

Ndalama tsopano zikhala zanga zokhazi, 2,500 pamwezi, ndipo ndikudziwa kuti chisanu chikubwerachi chikupwetekani. Mukatukwana mutukwane ine. Nsalu ya ukwati ija mugulitse, mkazi wa asitolo anaisirira kale. Ku kopaletivi mukafunsenso ngati malo aja akadalipo, koma ayambe ntchito chaka chikatha, osati pano.

Musamupatse zenga pokolola ngakhale akakamire. Asachape m'madzi ozizira. Masamba a yomogi mutchere ambiri chipale chisanawakwirire, muzimutenthera paphewa ndi pamkono madzulo alionse. Akanena kuti dzanja lili bwino musamumvere, ndi mwana wanu ameneyo, samadwala ntchito isanathe. Akamanditukwana musamuletse, ndipo musanditumizire moni wake wopeka.

Chimodzi chokha ndikupemphani. Akangofika, asanavule n'komwe jasi, mumuthirire tiyi wotentha kwambiri m'kapu yopanda chogwirira, mumupatsire kudzanja lamanja, ndipo musamuchenjeze. Kapuyo ndidzalipira ine. Akakuwa n'kuiponya pansi, mundilembere tsiku lomwelo, ngakhale ndi chilembo chimodzi. Akaigwira bwinobwino n'kunena kuti zikomo, musalembe, ndidzamva ndi kukhala chete kwanuko.

Ndine mwana wanu wamkulu,
Kinue